Pulogalamu ikamadziikira yokha malire: zitsimikizo zingati n'zokwanira?

Funso lomwe lafika ndi ili, mwachidule. Wofunsayu ali ndi masensa amene amayeza kutentha kwa mamota kamodzi pa miniti iliyonse. Pulogalamu yake imayerekeza muyeso uliwonse ndi kutentha kumene ikuyembekezera, ndipo kusiyana kwake kukapitirira mpata umene anaulola, alamu imalira. Mpatawo anauika yekha mongoganizira, ndiye pa mota ina wathina, pa ina watakasuka kwambiri. Tsopano akufuna pulogalamuyo izidziphunzirira yokha motere: miyeso isanu yotsatizana ikagwera m'kati, mpata uchepe pang'ono, muyeso ukatuluka kunja koma wogwira ntchito n'kutsimikiza kuti palibe vuto, mpata ukule pang'ono. Akufunsa kuti, kodi 5 ndi nambala yabwino, kapena aikweze ifike pa 10?

Zikomo chifukwa cha funsoli. Musanasankhe pakati pa 5 ndi 10, muyambe mwaona ntchito imene nambalayi ikugwira m'pulogalamu mwanu. Ambiri amaiona ngati chizindikiro cha kudekha: ikakula ndiye kuti pulogalamu sikupupuluma. N'zoona ndithu, koma ntchito yake yaikulu ili kwina. Nambala ya zitsimikizo, kutanthauza miyeso yotsatizana yogwera m'kati imene pulogalamu imadikira, pamodzi ndi kukula kwa sitepe yokwezera ndi yotsitsira mpata, ndi imene imasankha pomwe mpata wanu ukakhazikike. Mukalemba 5, mwasankha kale kuti alamu yabodza izilira kangati pa tsiku, kaya mwadziwa kaya simunadziwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Lamulo lanu lili ndi mbali ziwiri zokokana, ina yothinitsa, ina yotakasula. Ngati masitepe ake ndi ofanana kukula, mpata umasiya kupita mbali imodzi pamene kuthinitsa ndi kutakasula kukuchitika kofanana. Apa ndi pamene mwayi wopeza miyeso isanu yabwino yotsatizana wafika pa theka. Titchule p mwayi woti muyeso umodzi ugwere m'kati. Tikufuna p woti tikamuchulukitsa yekhayekha kasanu atipatse 0.5, ndipo ameneyo ndi 0.87. Ndiye kuti miyeso 13 pa 100 iliyonse izituluka kunja. Tsiku lili ndi maminiti 1,440, choncho mota imodzi yabwinobwino izikupatsani maalamu pafupifupi 186 pa tsiku, kapena kuti alamu imodzi pa maminiti 8 aliwonse. Mukakweza nambalayo kufika pa 10, p amakhala 0.933, maalamu n'kutsikira pa 96. Mwapepukidwa pang'ono, koma palibe wogwira ntchito amene angapirire zimenezo sabata n'kutha. Adzayamba kungodina batani lozimitsa osayang'ana, ndipo tiona kutsogoloku kuti limenelo ndiye tsoka lenileni.

Masamu amenewa si achilendo. Akatswiri oyeza mmene anthu amamvera ndi kuonera amawagwiritsa ntchito dala. M'chaka cha 1971, Harry Levitt anafotokoza njira yoyezera kumva imene imatsitsa mphamvu ya liwu munthu akayankha molondola kawiri motsatizana, n'kuikweza akalakwa kamodzi. Njirayi imakakhazikika pamene munthuyo amalondola 70.7 peresenti ya nthawi. Akasintha lamulo kuti likhale katatu, imakhazikika pa 79.4 peresenti. Iwo amayamba asankha peresenti imene akufuna, kenako n'kupeza nambala yoyenera. Inunso mutero.

Njira yachidule yowerengera ndi iyi: gawani 0.693 ndi mlingo wa maalamu abodza umene mungaupirire. Mukalola imodzi pa miyeso 100, mufunika zitsimikizo 69. Imodzi pa 1,000 ikufuna 693. Alamu yabodza imodzi pa tsiku ikufuna pafupifupi 1,000, ndipo imodzi pa sabata ikufuna pafupifupi 7,000, amene ndi maminiti a masiku pafupifupi asanu. Manambalawa angakudzidzimutseni poyerekeza ndi 5, koma si okokomeza. Mu PyTorch, pulogalamu yopangira ma neural network (mapulogalamu ophunzira kuchokera ku zitsanzo), muli kachida kotchedwa GradScaler, kamene kamathandiza powaphunzitsa ndi manambala a 16-bit, amene amatenga malo ochepa m'kompyuta. Kamayamba ndi chochulukitsira cha 65,536. Manambala akasefukira kamodzi kokha, kutanthauza kukula mpaka osakwananso m'malo mwake, kamadula chochulukitsiracho pakati nthawi yomweyo. Koma kuti kachiwirikize kawiri, kamadikira masitepe ophunzitsira 2,000 otsatizana opanda vuto. Mukaika 2,000 mu masamu athu aja mupeza kuti amene anakapanga analola kutaya sitepe imodzi pa masitepe pafupifupi 2,900, zomwe sizipweteka aliyense.

Ngati kudikira masiku asanu kuti mpata usunthe kamodzi kukukuvutani, pali njira ina imene ine ndimaikonda kuposa kuwerenga motsatizana. Siyani kuwerenga, m'malo mwake siyanitsani kukula kwa masitepe. Muyeso uliwonse wogwera m'kati uchepetse mpata ndi kachidutswa kakang'ono zedi, ndipo alamu yabodza iliyonse yotsimikizidwa iukweze ndi sitepe yaikulu. Sitepe yokwezera ikakhala yaikulu ka 999 kuposa yotsitsira, mpata ukakhazikika pamene muyeso umodzi pa 1,000 ukutuluka kunja. Mwachitsanzo, kukweza ndi digiri 0.5 n'kumatsitsa ndi 0.0005 kukufikitsani cha pomwepo. Maziko a njirayi anayalidwa ndi Herbert Robbins ndi Sutton Monro mu 1951. Ubwino wake ndi wakuti mpata umayenda mosalala, ndipo palibe chiwerengero cha 6,999 chimene chingafufutike ndi muyeso umodzi wopenga.

Tsopano pali chinthu chimene mwachiphatikiza m'funso mwanu chimene chiyenera kupatulidwa. Pali ziwerengero ziwiri zosiyana. China ndi chimene takambachi, chophunzirira mpata. China ndi chosefera phokoso: miyeso ingati yotuluka kunja motsatizana alamu isanalire. Inu chachiwirichi mwachisiya pa 1, n'chifukwa chake choyambacho chikufuna manambala aakulu chonchi. Mapulogalamu oyang'anira maseva, makompyuta otumikira makompyuta ena pa netiweki, amadalira kwambiri chachiwirichi. Kubernetes, mukapanda kusintha kanthu, imayesa seva masekondi 10 aliwonse, ndipo siiweruza mpaka italephera katatu motsatizana. HAProxy imachotsa seva pamzere ikalephera katatu, n'kuibweza ikayankha bwino kawiri. Taonani mphamvu yake: ngati miyeso 5 pa 100 imatuluka kunja mwangozi, mwayi woti itatu yotsatizana ituluke ndi umodzi pa 8,000. Pa miyeso ya miniti iliyonse, imeneyo ndi alamu yabodza imodzi pa masiku asanu ndi theka. Mtengo wake ndi kuchedwa kwa maminiti awiri owonjezera vuto lenileni likabwera. Pa kutentha kwa mota yaikulu kuchedwa kotero n'kopiririka nthawi zambiri, koma muweruze ndinu amene mukudziwa makina anu. Chimene sindingachite ndi kulola kusefa kotereku pa malire omaliza achitetezo. Amenewo azilira pa muyeso woyamba.

Masamu onse tachitawa aima pa chinthu chimodzi chimene pa mamota anu si choona: kuti muyeso uliwonse ndi woima pawokha, wosadalira unzake. Chitsulo cholemera sichizizira kapena kutentha pa miniti imodzi. Muyeso wa pano ukakhala pamwamba, wotsatirawo ukhalanso pamwamba, chifukwa ndi kutentha komweko kumene mwakuyeza kawiri. Mboni imodzi ikabwereza mawu ake kasanu pabwalo siisanduka mboni zisanu. Zikatere, itatu yotsatizana ija imapezeka kawirikawiri kuposa kamodzi pa 8,000, ndipo zitsimikizo 1,000 za miniti iliyonse mwina ndi umboni wa zochitika 30 kapena 40 zokha. Ndiye tengani zolembedwa zakale za sensa imodzi muone kuti pamapita maminiti angati kuti muyeso usiye kufanana ndi wam'mbuyo. Mukapeza kuti ndi theka la ola, muziwerenga zitsimikizo m'magawo a theka la ola, ndipo miyeso yonse yotuluka kunja m'gawo limodzi muziitenga ngati chochitika chimodzi.

Palinso msampha wa kukhala chete. Miyeso isanu yopanda vuto imanena zochepa kwambiri. Chinthu chimene chimalephera kamodzi pa kasanu kalikonse chili ndi mwayi wa 33 peresenti wodutsa mayeso asanu osapunthwa. Owerengera za chiwerengero ali ndi lamulo lapafupi: mukayesa maulendo n osaona vuto, mungangonena motsimikiza 95 peresenti kuti mlingo wa vutolo uli pansi pa 3 kugawa ndi n. Kuti munene kuti uli pansi pa 1 peresenti, mufunika mayeso 300 oima paokha.

Tifike pa nkhani imene ndikuiona yaikulu kuposa zonsezi: chitsimikizocho chikuchokera kwa ndani. M'ndondomeko yanu mpata umakula wogwira ntchito akanena kuti palibe vuto. Koma kunena kumeneko kukuoneka bwanji m'kompyuta? Ngati ndi batani lomwelo lozimitsira alamu, ndiye kuti pulogalamu yanu ikuphunzira kutopa kwa munthu, osati khalidwe la mota. Wina ali pa shifiti ya usiku, alamu yalira kachisanu ndi chitatu, wadina batani ali chiimire, maso ali kwina, ndipo mpata wakula ndi theka la digiri. Palibe anagwira chikwama cha bering'i, kachitsulo kamene shafiti ya mota imazungulirapo, kapena kumvetsera kulira kwake. Payenera kukhala mayankho atatu osiyana: ndayang'ana palibe vuto, ndayang'ana vuto lilipo, ndi ndangozimitsa. Loyamba lokha ndi limene likuze mpata. Lachitatu lisaphunzitse kanthu.

Opanga TCP, ndondomeko imene imanyamula zambiri za pa intaneti, anakumana ndi vuto lomweli kalekale. Kompyuta yotumiza imaphunzira nthawi imene paketi, kachidutswa ka uthenga wotumizidwa, imatenga kupita ndi yankho lake kubwerera, kuti idziwe nthawi yoyenera kudikira. Nanga paketi ikatumizidwa kawiri, yankho n'kubwera limodzi, layankha iti? Mukaganiza kuti layankha yoyamba, nthawi ioneka yaitali. Mukaganiza kuti yachiwiri, ioneka yaifupi. Mu 1987 Phil Karn ndi Craig Partridge anapereka yankho losavuta: muyeso wokayikitsa wotere utayidwe, usaphunzitse kanthu. Lamuloli likugwirabe ntchito mpaka lero.

TCP yomweyo ili ndi chitsanzo chofanana kwambiri ndi chanu. Wotumiza akalandira mayankho obwerezedwa atatu osonyeza kuti paketi ina yadumphidwa, amaitenga kuti yatayika n'kuitumizanso. Amadikira atatu chifukwa nthawi zina paketi siinatayike, yangopitiriridwa ndi inzake panjira. Pa netiweki imene mapaketi amasemphana kwambiri, 3 imachepa, ndipo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, imaikweza yokha ikapeza umboni woti inaweruza msanga, koma siipitirira 300. Umboni wake ndi wolimba: kudzera m'njira yotchedwa DSACK, imene inalembedwa mu chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2883 m'chaka cha 2000, wolandira amanena poyera kuti paketi iyi wailandira kawiri. Njira yatsopano ya RACK, ya mu RFC 8985 ya 2021, imagwiritsa ntchito nthawi m'malo mwa chiwerengero, ndipo malamulo ake ndi oyenera kuwaona bwino. Mpata wake umayamba pa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yaifupi kwambiri yopita n'kubwerera. DSACK ikabwera umakula ndi gawo lina lotere, koma kamodzi kokha pa ulendo umodzi wopita n'kubwerera, ngakhale ma DSACK atabwera ochuluka bwanji. Sungapitirire nthawi yapakatikati ya ulendowo. Ndipo wotumiza akakonza zotayika ka 16 popanda DSACK ina, mpatawo umabwerera pomwe unayambira. Mukuona kuti m'malamulo ochepawa muli umboni wochokera kunja, kuwerenga chochitika kamodzi, denga losadumphika, komanso kuiwala.

Denga ndi lofunika pa inu kuposa pa TCP. Paketi yochedwa kutumizidwanso siiwotcha fakitale. Bering'i ikamatha, kutentha sikudumpha tsiku limodzi. Kumakwera pang'onopang'ono kwa masabata, ndipo pa sitepe iliyonse wogwira ntchito woona mtima akhoza kuyang'ana n'kunena kuti zonse zili bwino, chifukwa pa tsikulo zilidi bwino. Chitsimikizo chilichonse n'choona, koma zonse pamodzi zikuperekeza mpata kumka kuphompho. Si makina okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. Chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chisanaphulike pa 28 January 1986, akatswiri anali ataona kale kudyeka kwa mphira zotsekera maroketi a zombo za mtunduwu pa maulendo ena kuyambira 1981, ndipo ulendo uliwonse wobwerera bwino unkawerengedwa ngati umboni woti kudyekako n'kololeka. Choncho ikani malire apamwamba ochokera kwa opanga mota, amene pulogalamu ilibe chilolezo chowakhudza. Ikaninso malire a liwiro, kuti mpata usakule kupitirira madigiri akutiakuti pa sabata. Ndipo mpata ukafika padenga, kapena ukakula masabata atatu otsatizana, kumeneko kukhale alamu pakokha, yopita kwa injiniya osati kwa wa pa shifiti.

Kuti mugwire kukwera kwa pang'onopang'onoku, sungani muyeso woyambira umene susuntha, wotengedwa mota ili yatsopano kapena itangokonzedwa, ndipo muziyerekeza nawo pambali. Njira ya CUSUM, imene E. S. Page anaifotokoza mu 1954, inapangidwira zimenezi: imasonkhanitsa timasiyana ting'onoting'ono mpaka mulu wake utafika pamalire. Ngati mukufuna chosavuta kuposa apo, malamulo a kampani ya Western Electric a 1956 ali ndi limodzi lothandiza: miyeso isanu ndi itatu yotsatizana ikagwera mbali imodzi ya mzere wapakati, china chake chasuntha, ngakhale palibe umodzi umene watuluka kunja. Pa inu miyesoyo ikhale ya tsiku ndi tsiku, osati ya miniti.

Chenjezo lina laling'ono. Mukasankha kuwerengera mpata kuchokera ku kumwazikana kwa miyeso, musagwiritse ntchito miyeso yogwera m'kati yokha. Mukadula michira, kutanthauza miyeso yotalikira kwambiri pakati, kumwazikanako kumaoneka kochepa, mpata umathina, michira imadukanso, ndipo zimapitirira choncho mpaka alamu ikulira pa chilichonse. Mukaphatikiza yonse popanda kusankha, tsiku limodzi la vuto lenileni limatakasula mpata. Phatikizani ya m'kati ndi ya kunja imene munthu waitsimikiza. Vuto lenileni likapezeka, kuphunzira kuime mpaka mota itakonzedwa, kenako kuyambirenso.

Mwina mukufunsa ngati nambala ya zitsimikizo nayonso ingaphunziridwe. Inde, ndipo za Wi-Fi zimaonetsa bwino. Mu 1997 Ad Kamerman ndi Leo Monteban anafotokoza njira ya ARF: mapaketi 10 akadutsa motsatizana, kwezani liwiro, awiri akalephera motsatizana, tsitsani, ndipo paketi yoyamba mutangokweza ikalephera, bwererani msanga. Chofooka chake chimaoneka pamene zinthu zakhazikika. Liwiro loyenera lapezeka kale, koma pakapita mapaketi 10 aliwonse chipangizo chimayesanso kukwera, n'kugwa, n'kuyesanso, osaphunzirapo kanthu. Mu 2004 Mathieu Lacage ndi anzake anakonza zimenezi ndi AARF: kuyesa kukwera kukalephera, nambala yodikira imawirikizidwa, 10 kukhala 20, kenako 40, mpaka denga la 50, ndipo imabwerera pa 10 zinthu zikasinthadi. Inu mungatengere nzeru yomweyi. Mukathinitsa mpata ndipo alamu yabodza n'kulira posakhalitsa, bwererani pomwe munali, muwirikize nthawi yodikira musanayesenso. Komabe ndingakulangizeni kuti musayambire pamenepa. Chilichonse chimene chimadzisintha chokha chimawonjezera zinthu zovuta kuzifotokoza tsiku limene wina adzafunse chifukwa chake alamu siinalire.

Ndikanakhala pamalo panu ndikanachita motere. Ndikanakhala pansi ndi ogwira ntchito n'kugwirizana kuti maalamu abodza angati pa sabata angawayang'anedi ndi manja awo, pa mamota onse pamodzi. Muli ndi mamota 20 ndipo iwo ati khumi pa sabata? Ndiye mota iliyonse yapatsidwa imodzi pa masabata awiri. Kuchokera pa nambala imeneyo ndikanawerengera masitepe, nditasefa kale ndi miyeso itatu yotsatizana. Alamu ndikanaipatsa malire awiri, apamwamba oyambira kulira ndi apansi pang'ono osiyira, kuti kutentha kukamagwedera pamzere isamayake n'kuzima ngati nyali yowonongeka. Mpata wa nthawi yoyatsa mota ndikanaupatula ku wa nthawi imene ikukoka katundu wambiri, chifukwa kusakaniza ziwirizi kumapereka mpata umodzi wosakwanira kulikonse. Kusintha kulikonse kwa mpata kuzilembedwa, ndi nthawi yake, chifukwa chake, ndi amene anatsimikiza.

Musanaiike pa makina enieni, iyendetseni pa zolembedwa zakale za miyezi ingapo, muwerenge maalamu amene ikanaliza. Kenako tengani zolembedwa zomwezo muwonjezeremo dala kukwera kwabodza kwa digiri 0.2 pa tsiku, ndipo muuze pulogalamu kuti alamu iliyonse yatsimikizidwa kuti ndi yopanda vuto, monga angachitire munthu wotopa uja. Onani kuti papita masiku angati isanadandaule, komanso kuti kutentha kwafika pati pa tsikulo. Bwerezani ndi 0.05 ndi digiri imodzi yathunthu pa tsiku. Ngati pa liwiro lina lililonse pulogalamu yafika padenga ili chete, chepetsani malire a liwiro la kukula kwa mpata, kapena tsitsani malire a CUSUM, n'kuyesanso.